Chimbale chomaliza cha Daft Punk: anatipusitsa, kapena makutu athu ndi amene anachedwa?

DJ Mbaula:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi mlandu ndipo ndikudziwa kuti ena mundigenda. Dzulo magetsi atathima ndinakhala pakhonde n'kumvera Random Access Memories (RAM), chimbale chomaliza cha Daft Punk, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka ya nambala 13, mphindi 74 zonse osadumpha. Chitulukireni chimbalechi mu May 2013, aka kanali koyamba kuti ndichimvere chonse.

Nthawi imene chinatuluka ndinakwiya nacho zedi. Ine ndinakulira Homework ya 1997 ndi Discovery ya 2001. Tinadikira zaka 8 kuchokera pa Human After All, tikuganiza kuti maloboti aja, anyamata awiri a Daft Punk amene ankavala zisoti za maloboti, akubwera kudzagwetsa denga. M'malo mwake anabwera ndi magitala, zeze za azungu zija, piyano, ndi nkhalamba ikufotokoza mbiri ya moyo wake. Ndinangotengamo Get Lucky, zotsalazo n'kuziponya pakona.

Koma dzulo, kaya ndi mdima uja kaya n'kukula, pofika pa nyimbo ya Touch ndinapezeka ndakhala duu, foni ili pachifuwa. Ndiye funso langa nali: olemba ndemanga amene anachitamanda chija anaona zimene ife ovinitsa anthu sitinaone? Kapena ndangokalamba basi?

Chisale wa ku Ndirande:
Mwakalamba achimwene. Nkhani yatha, titseke.

Nabanda:
Hahaha a Chisale musafulumire. A Mbaula, musadalire kwambiri olemba ndemangawo chifukwa nawonso amasintha ngati bilimankhwe. Pitchfork, webusaiti ya ndemanga za nyimbo, inapatsa chimbalechi 8.8 pa 10 mu 2013. Mu 2021 anakhala pansi n'kubwereza malikisi a zimbale zingapo, ndipo RAM anaitsitsa kufika pa 6.8. Tsiku lomwelo Discovery, imene mu 2001 anaipatsa 6.4 yokha, anaikweza kufika pa 10. Ndiye taonani, inu munali kumbuyo pomwe iwo anali kutsogolo, lero inu mwafika kutsogolo iwo abwerera kumbuyo. Mwasemphana pamlatho.

DJ Mbaula:
Zoona zimenezo achemwali? Iii ndiye ndakonda chinthu pa nthawi imene eni mafashoni achitaya.

Nabanda:
Si onse achitaya. Magazini ya nyimbo ya NME inachipatsa 10 pa 10 ndipo sindinamvepo kuti inalapa. Pa Metacritic, pamene amaphatikiza ndemanga zambiri, chili pa 87. Ndimangofuna kunena kuti malikisiwo si Baibulo.

Chisale wa ku Ndirande:
Chabwino ndilankhule zenizeni tsopano, poti mukuona ngati ndimangoseka. Vuto langa ndi chimbalechi silinasinthe kuyambira 2013. Anyamata awiriwa, Thomas Bangalter ndi Guy-Manuel de Homem-Christo, anatchuka chifukwa chopanga zinthu zazikulu ndi zipangizo zochepa. Homework anaipangira m'chipinda chogona ku Paris. Mwana aliyense wokhala ndi kakompyuta kakale ankamva Da Funk n'kunena kuti nanenso ndingathe. Ndiye atalemera anabwera n'kutiuza kuti nyimbo za pakompyuta zilibe moyo, moyo uli ku Capitol Studios ku Los Angeles ndi ku Electric Lady ku New York, kumene iwe ndi ine sitingakwanitse kulipira ngakhale ola limodzi. Nyimbo yoyamba yeniyeniyo dzina lake likunena zobwezeretsa moyo mu nyimbo. Ndani anawauza kuti zafa? Anakwera pamakwerero, atafika padenga anawakoka n'kumatiuza kuti tiuluke.

Gogo Vinyl:
Mwanawe Chisale, mawu akowo ali ndi mafupa, sindikana. Koma ndilole ndiike mbali ina.

Discovery imene mukuipembedzayo inamangidwa ndi zidutswa za mbale zakale. Harder, Better, Faster, Stronger inachokera pa nyimbo ya Edwin Birdsong. Digital Love inachokera pa George Duke. Anyamatawa anakhala zaka zambiri akudya m'munda wa madala a m'ma 1970, kuthyola apa, kuthyola apo. Pa RAM anati basi, tiyeni tikagogode pakhomo la eni munda. Anaitana Nile Rodgers wa Chic, munthu amene anakonza Let's Dance ya David Bowie ndi Like a Virgin ya Madonna. Anaitana John Robinson amene anaimba ng'oma mu Off the Wall ya Michael Jackson. Omar Hakim wa Weather Report. Nathan East pa besi. Giorgio Moroder, amene anakonza I Feel Love ya Donna Summer ya 1977, nyimbo imene inatsegula njira ya zonse zimene inu ma DJ mumadyerapo lero. Kwa ine kumeneko si kunyoza ana, ndi kukalipira ngongole kwa makolo. Ife timati mwana akakula amakapereka moni kumudzi.

Ine ndinavina disco nthawi yake yeniyeni, thalauza lotambalala kumapazi. Nditamva gitala wa Rodgers pa wailesi mu 2013 ndinaimika galimoto.

Chisale wa ku Ndirande:
Ulemu wanu agogo. Koma kupereka moni kumudzi si kusamukira komweko.

Tadala_M:
Pepani ndilowererepo, ine ndine mwana pano. Daft Punk ndinaidziwira pa The Weeknd, Starboy ndi I Feel It Coming za 2016. Kenako ndinapeza Instant Crush, ija aimba ndi Julian Casablancas, n'kuyamba kufufuza kubwerera m'mbuyo. Ndiye RAM kwa ine ndiye Daft Punk. Nditafika pa Homework ndinadabwa, nyimbo ngati Rollin' & Scratchin' ndinkangomva ngati chigayo chatsala pang'ono kuwonongeka. Musandimenye.

DJ Mbaula:
Chigayo!! Tadala iwe, tuluka pagulu pano.

Chisale wa ku Ndirande:
Mwaona zimene ndimanena? Chimbalechi chinabala ana osadziwa agogo awo.

Tadala_M:
Koma achimwene, nanga si mwangonena kumene kuti kupita kwa agogo n'kulakwa?

Nabanda:
Eeee wakugwirani pakhosi mwana.

DJ Mbaula:
Ndikuuzeni chimene chinandidanitsa kwenikweni ndi chimbalechi, chifukwa si nkhani ya nzeru ayi, ndi manyazi.

Chaka chomwecho cha 2013, chakumapeto, ndinali ndi ukwati. Holo yodzaza. Perekani-perekani atatha ndinaika Get Lucky, anthu anadzuka onse, azakhali ndi zitenje zawo, ana, ngakhale abusa ankagwedeza phewa mobisa. Ine mtima m'mwamba ndinati anthuwa aikonda Daft Punk, ndiwapatse ina. Ndinali ndisanamvetsere bwino, ndinangokumbukira kuti Giorgio by Moroder ili ndi ng'oma zoopsa kumapeto. Ndinaiponya.

Abale anga. Kunamveka mdala akulankhula Chingelezi chake cha ku Ulaya, modekha, kufotokoza mmene ankagonera m'galimoto ali mnyamata ku Germany. Pafupifupi mphindi ziwiri akungolankhula. Anthu anaima n'kumayang'ana kutsogolo, ankayesa wina akulengeza za galimoto yotseka njira. Mayi wina anabwera patebulo langa n'kundifunsa kuti, "Mwananga, wailesi yalowa mu zimbale zakozo?" MC anandiyang'ana diso limene mpaka lero ndimalilota. Pamene makina aja ankayamba kulira, theka la holo linali litabwerera pamipando kukasaka Fanta.

Kuyambira tsiku limenelo chimbale chija ndinachiika m'gulu la adani.

Mai Admin:
Ndaseka mpaka mwana wadzuka. Koma a Mbaula, pamenepo wolakwa ndi Moroder kapena inu?

DJ Mbaula:
Mayi, zaka zonsezi ndimati Moroder. Dzulo ndi pamene ndavomera.

Wa pa Mikisa:
Ine ndimagwira zokuzira mawu, kutchalitchi ndi m'misonkhano, ndiye ndilankhula za mbali yanga yokha. Za kuvina ndisiyira eni ake.

Ndikamanga masipika pamalo atsopano, nyimbo imene ndimayesera ndi Lose Yourself to Dance, nthawi zina Fragments of Time. Chifukwa chake n'chakuti chimbalechi sanachifinye. Nyimbo zambiri za nthawi imeneyo, makamaka za EDM (nyimbo zovina zopangidwa pakompyuta), ankazikankha kuti zikhale zaphokoso kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ukaziona pakompyuta zimaoneka ngati njerwa. RAM ili ndi malo opumira. Ng'oma yaikulu ikagunda umamva mphepo yake, besi ili payokha, gitala payekha, kuwomba m'manja kuli pena. Sipika ikakhala ndi vuto, chimbalechi chimaiulula msanga.

Ankajambula pa tepi ndi pakompyuta nthawi imodzi n'kumasankha chomveka bwino. Wosakaniza anali Mick Guzauski. Mwa mphoto 5 za Grammy zimene anatenga mu January 2014, imodzi inali ya kajambulidwe kabwino, ndipo imeneyo palibe angaitsutse ngakhale a Chisale. Ndipo a Mbaula, mdala amene anakuchititsani manyaziyo anamuikira maikolofoni atatu a zaka zosiyanasiyana, kuti akamakamba za kale mawu adzere m'yakale, akamakamba za pano adzere m'yatsopano. Kusiyana kwake pafupifupi palibe angakumve. Anachita dala basi, poti iwo akudziwa.

Chisale wa ku Ndirande:
Mwandithandiza bwana. Maikolofoni atatu oti palibe angamve kusiyana. Ndalama zikachuluka zimayamba kuyabwa.

Za Grammy ya kajambulidwe ndavomera. Koma ya chimbale chopambana pa chaka? Chaka chimene good kid, m.A.A.d city ya Kendrick Lamar inali pamndandanda womwewo? Ovota ku Grammy ambiri ndi anthu a m'masitudiyo omwewo. Anaona chimbale chimene chalemba ganyu anzawo onse n'kunena kuti makina sangalowe m'malo mwa munthu, ndiye mukuganiza akanavotera ndani? Discovery sanaipatse ulemu umenewo. Anadikira mpaka maloboti atasiya kukhala maloboti.

Gogo Vinyl:
Apa pokha ndikugwirizana nawe pang'ono. Anthu a mphoto amachedwa nthawi zonse, amakupatsa mendulo ya nkhondo imene unamenya zaka khumi zapitazo. Komabe usiku umenewo ataimba Get Lucky limodzi ndi Stevie Wonder, holo yonse itaimirira, sindinaone wodandaula.

Mphwanga wa ku Joni:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Kuno ku Johannesburg house si nyimbo ya alendo, ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, m'mataxi, m'mashopu, paliponse. Ndinali kuno kale mu 2013. Get Lucky inkalira ndithu, koma inkalira ngati nyimbo ya pa wailesi, ya Pharrell amene anaimbamo mawu. Anzanga ambiri sankadziwa n'komwe kuti eni ake ndi a zisoti aja. Chimbale chonsecho sindinamvepo DJ wa kulokishi akuchikhudza.

Ndipo zija ankati chisintha nyimbo zovina, anthu abwerera ku zida zenizeni, kuno sizinachitike. Patangopita zaka zochepa kunatchuka gqom ya ku Durban, kenako amapiano, zonse zopangidwa ndi ana pa laputopu m'zipinda za kuseri. Ndiye mfundo ya a Chisale ija ndikuimva. Tsogolo linatsatira Homework, silinatsatire RAM. Black Coffee atatenga Grammy mu 2022, m'gulu lomwe lija la zimbale zovina limene Daft Punk inapambana mu 2014, anatengera house yake yomweyo.

Nabanda:
Kumbali ya nyimbo zovina mwina mukunena zoona. Koma ku pop chinasiya mapazi. Tamverani Uptown Funk ya kumapeto kwa 2014, tamverani Future Nostalgia ya Dua Lipa ya 2020. Sindikuti Daft Punk ndiyo inabala zonsezo, koma Get Lucky itakhala nambala 1 kuno ku UK ndi nambala 2 ku America, makampani anaona kuti gitala wa disco amagulitsabe. Nile Rodgers naye ntchito inamuchulukiranso.

Chimene ine ndimaona n'chakuti okonda Daft Punk akale ndi olemba ndemanga ankayankha mafunso awiri osiyana. Olemba ankafunsa kuti kodi chapangidwa bwino, chili ndi maganizo? Ife tinkafunsa kuti kodi chindituluka thukuta? Ndimakumbukira sabata imene anachiika pa iTunes kuti anthu amve chisanayambe kugulitsidwa. Pa Twitter panali maliro. Nyimbo yachiwiri yeniyeniyo, The Game of Love, loboti likulira chibwenzi mwapang'onopang'ono, anthu anali atataya kale mtima. Komanso anatikokera nthawi yaitali ndi zotsatsa, timasekondi 15 pa TV, kavidiyo ku chikondwerero cha nyimbo cha Coachella ku America, mpaka kukakhazikitsira chimbale ku Wee Waa, katawuni ka alimi a thonje ku Australia. Njala itakula choncho, chakudya chilichonse chikanachepa.

Tadala_M:
Ku tawuni ya alimi a thonje? Chifukwa?

Nabanda:
Anachita pa chionetsero cha zaulimi cha kumeneko. Eni akewo sanapite n'komwe.

DJ Mbaula:
Ndiye kuti ine ndi ukwati wanga uja sindinali woyamba kuimbira anthu olakwika.

Gogo Vinyl:
Pali chinthu chimodzi chimene simunachitchule, ndipo kwa ine ndiye fupa la nkhaniyi. Human After All itatuluka mu 2005 anthu anainyoza kwambiri. Ankati aipanga mothamanga, masabata 6 okha, nyimbo zongobwerezabwereza. Kenako mu 2006 anakwera siteji yooneka ngati piramidi ku Coachella, n'kuyenda nayo dziko lonse mu 2007, akusakaniza nyimbo zonyozedwazo ndi zakale. Anthu omwe aja anatuluka akunena kuti tinalakwa, Robot Rock ndi Technologic ndi moto. Ulendo umenewo, wotchedwa Alive 2007, unachapa mbiri ya chimbale chija.

RAM sinapatsidwe mwayi umenewo. Sanayende nayo konse. Palibe anamva Contact kapena Giorgio by Moroder pabwalo lalikulu, usiku, pakati pa anthu zikwizikwi, itasokedwa pamodzi ndi One More Time. Ndikhulupirira kuti zikanatero a Chisale bwenzi lero akuimba nyimbo ina.

Chisale wa ku Ndirande:
Contact ndiye musaiike pamlandu, imeneyo ndimaikonda. Ndi yokhayo imene ili ndi mano. Ndipo n'zosadabwitsa, anaipanga ndi DJ Falcon ndipo inayamba kalekale chimbalechi chisanaganiziridwe. Doin' It Right ya Panda Bear nayonso ndimailola, poti ndi makina okhaokha. Ziwiri pa 13.

Mai Admin:
Poyamba munati nkhani yatha titseke, pano mwafika pa ziwiri. Tikapitiriza mpaka Lachisanu mufika pa 7.

Chisale wa ku Ndirande:
Sizingatheke mayi. Touch ndiye ayi ndithu. Mphindi 8 za sewero la pasiteji.

DJ Mbaula:
Ayi a Chisale, Touch musaikhudze, ndi imene yandibweretsa pano. Mu 2013 nanenso ndinkaiona ngati nthabwala. Paul Williams, mdala wolemba nyimbo za The Carpenters ndi za zidole za Muppets, akuimba ndi mawu onjenjemera, kenako malipenga ngati a bandi ya apolisi, kenako kwaya. Ndinkati izi n'chiyani.

Koma pa 22 February 2021 atalengeza kuti asiyana, kavidiyo kaja ka Epilogue, mmodzi akuphulika m'chipululu winayo akuyenda yekha kulowera kudzuwa, nyimbo imene anatsekera ndi kwaya ya Touch. Dzulo itafika pamenepo ndinazindikira kuti anthuwa ankatsanzika kale mu 2013, ife tili kalikiliki kufunsa kuti besi ili kuti. Chimbale chonsecho ndi maloboti ofuna kukhala anthu. Ine ndinkachimvera ngati DJ wosaka nyimbo ya 11 koloko usiku.

Nabanda:
Bangalter mwiniwake anauza BBC mu 2023 kuti m'dziko la masiku ano chinthu chomaliza chimene angafune kukhala ndi loboti. Chaka chomwecho anatulutsa Mythologies, nyimbo za okhestra za gule wa ballet, nkhope ili poyera.

Mphwanga wa ku Joni:
Zokhudza mtima ndithu, koma tisaiwale kuti 2023 yomweyo anatigulitsanso chimbale chomwechi kawiri. Mu May cha zaka 10 chokhala ndi zotsalira za mu situdiyo, chabwino. Mu November china chochotsa ng'oma zonse. Daft Punk yopanda ng'oma! Nsima yopanda ufa.

Wa pa Mikisa:
Ine chimenecho ndinachimvera, ndipo kwa munthu wa ntchito yanga n'sukulu. Umamva zimene besi ya Nathan East imachita pansi paja. Koma kugula ndiye ayi.

Tadala_M:
Funso lomaliza kwa akuluakulu. Ngati olemba ndemanga amasintha chonchi, bwanji mumawawerengabe?

Gogo Vinyl:
Chifukwa timakonda kukangana, mdzukulu wanga. Ndipo dzina lenilenilo la Daft Punk linachokera kwa wolemba ndemanga. Asanakhale maloboti anali ndi kagulu ka magitala kotchedwa Darlin', limodzi ndi Laurent Brancowitz amene pambuyo pake anakalowa Phoenix. Wolemba wina wa nyuzipepala ya nyimbo ya Melody Maker ku England ananyoza nyimbo zawo kuti ndi punk yopusa. Anyamatawo anatola chitonzocho n'kuchisandutsa dzina mu 1993.

Chisale wa ku Ndirande:
Ndiye mundithokoze, mwina pali mwana pagulu pano amene atchuke ndi dzina loti Ziwiri pa 13.

DJ Mbaula:
Loweruka ndili ndi chinkhoswe. Ndikuganiza zoyesa Lose Yourself to Dance anthu akangomaliza kudya, ndione ngati azakhali angaitenge. Moroder ndiye akhala kunyumba.

Mai Admin:
Mudzatiuze. Ndipo mudzayambe mwaimvera yonse kaye ulendo uno.

DJ Mbaula:
Ndabwera ndi lipoti. Ndinaiika cha m'ma 4 koloko. Poyamba anthu anangoyang'anana, ikuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi zimene azolowera. Kuwomba m'manja kuja kutayamba, amalume ake a mkazi, bambo a jekete la bulauni lalikulu kuposa thupi lawo, anadzuka okha n'kuyamba sitepe ya kumbali, manja akuzungulira ngati akupukusa chingwe. Ana anawazungulira. Ena anatsatira, osati onse, mwina anthu 20. Itatha anabwera kudzandifunsa ngati ndili ndi Kool & the Gang. Ndinalibe. Ndinabwerera ku amapiano.

Chisale wa ku Ndirande:
Anthu 20 pa angati?

DJ Mbaula:
Musafunse zimenezo.

Wa pa Mikisa:
A Mbaula, chingwe changa cha XLR chija munabwereka mu June mubweretse mawa, ndili ndi msonkhano Lachitatu.